Phala la Amayi pa Futari

Achimwene,

Assalamu alaikum. Muli bwanji ku Joniko ndi alamu? Kuno ku Lirangwe tili bwino, kungoti miyendo ya amayi ikuvutabe.

Malangizo anu aja ndikuwatsata Ramadhani ino. Ndasiya shuga, mandasi ndi zaufa zonse. Pa daku, m'bandakucha tisanayambe kusala, ndimadya mazira, mapeyala ndi mbatata, ndipo ndikumapalasa kabaza mpaka masana osamva chizungulire.

Koma Lachisanu pa futari, pomasula kusala madzulo, amayi anandiikira phala la mpunga la shuga, lija ankatiphikira tili ana. Ndinalikankhira pambali n'kutenga nsomba. Iwo anangoti, "Yusufu, ndaphika chiimirire ndi miyendo yangayi. Kapena manja anga akalamba?" Analichotsa osandiyang'ana.

Ndinachita manyazi, achimwene. Tsiku lonse ndinadzimana ngakhale madzi chifukwa cha Mulungu, koma dzuwa litangolowa ndinakhumudwitsa wondibala chifukwa chofuna thupi lolimba. Ndinawatsatira kukhitchini, n'kulimwa lonse iwo akuona.

Tsopano tagwirizana kuti phalalo ndizimwa Lachisanu lokha. Muwaimbireko foni, akukusowani. Allah alandire swaumu yanu. Mukabwera pa Idi, phalalo mudzalikane nokha, tione.

Ndine mng'ono wanu,
Yusufu