Msonkhano wa Kwaya pa Nkhani ya Pepala Lolowa m'Bokosi la Akufa

Tsiku: 9 Novembala 2023
Malo: chipinda cha katekisimu, tchalitchi chathu kufupi ndi Fonte Boa
Analipo: mayi Bernardina (wapampando), bambo Crimildo, bambo Nélio, Olinda (mlembi)
Sanabwere: mayi Célia; anatumiza uthenga woti akuopa.

1. Chiyambi
Wapampando anakumbutsa kuti pa kuyeserera kwa Loweruka, mvula itatitsekera, mamembala anapeka zilankhulo ziwiri zamacheza, Chimbatata ndi Chinyenyezi. Dzina la woyimba wa kwathu, bambo Arcanjo, linakhala Zulumbwe Kroo. Chimbale chawo "Mvula ya ku Domwe" chinakhala "Tiki Vwaa", ndipo china chonena za minibasi, "Shapa Yandisiya", chinakhala "Gondi Prrr". Wina analemba zonsezi papepala ndi kaneta (cholembera) yofiira. Tonse tinaseka tsiku limenelo, ndi wapampando yemwe.

2. Za bokosi
Bambo Nélio anavomera kuti posesa anatola pepalalo n'kuliponya m'bokosi la mayina a akufa owapempherera mwezi uno, poti linali ndi mayina. Lamlungu akatekisita anawerenga "Arcanjo" pakati pa omwalira, nachita chibwibwi pa Zulumbwe. Bambo Arcanjo anali pa benchi yachitatu. Kuyambira Lolemba mawu awo sakutuluka.

3. Zofuna akubanja
Bambo Crimildo anati abale a wodwalayo asunga pepalalo, akuti ndi mawu otemberera, ndipo wolembayo asamuke pamudzi mbatata yake asanakolole. Wapampando anati n'chimfine chabe. Bambo Crimildo anafunsa ngati angakanene zimenezo pakhomo pa wodwalayo. 
Bambo Nélio anati Chimbatata chinali nzeru ya bambo Crimildo. Iwo anati anangopeka ndi pakamwa, kaneta sanaigwire. Mlembi, amene ali ndi ana awiri, anangopitiriza kulemba.

4. Chigamulo
Mawa m'mawa membala aliyense apereke kaderno (kope lolembamo) yake kwa abalewo kuti afananize zilembo. Ikabwera ya mayi Célia okha mochedwa, abalewo adzati wolembayo ndi iwo.

5. Zina
Wapampando analetsa kuyankhula Chinyenyezi ngakhale kumunda. Mlembi anafunsa ngati buku la misonkhano lino nalonso lipite. Anati liyambe ndilo.

Msonkhano wina: 16 Novembala. Tinatseka ndi pemphero lopempherera mawu a bambo Arcanjo nthawi ya 15:40.

Wapampando: Bernardina
Mlembi: Olinda. Musawavutitse mayi Célia. Kaneta yofiira ija ndi yanga.