Kabokosi Kamene Alamu Sanasese

14 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kutupa. Ine thupi lili bwino, koma mutu ndiye wazungulira, ndipo sindikuona wina woti ndimuuze kupatula inu.

Paja mumafunsa kuti kuntchito timapanga chiyani. Timalemba pulogalamu yoyendetsa makina osindikiza matikiti a basi, timaitcha kenelo. Ntchito yake ina ndi kugawa malo m'memori, momwe makina amasungiramo zinthu akamagwira ntchito. Zili ngati zipinda zanu za lendi zija: wina akatuluka, mumasesa kaye wina asanalowe. Ifenso lamulo n'lomwelo. Ukatenga kabokosi kosungiramo nambala, uyambe waikamo ziro. Ukaiwala, makina amawerenga zinyalala zimene zinatsalamo n'kumaziyesa nambala yeniyeni.

Ndiye makina athu ayamba kumangoima m'madepoti, anthu ali pamzere, ogulitsa matikiti n'kumatukwanidwa. Chimene chinandibalalitsa n'chakuti tikawabweretsa ku ofesi amagwira bwinobwino. Ndinawayang'anitsitsa mpaka maso kuwawa, osalakwitsa ngakhale kamodzi, moti ndinayamba kuganiza kuti mwina amachita manyazi ndi ine. Kenako ndinazindikira kuti pulogalamu yathu yoyesera imasesa yokha memori yonse, n'chifukwa chake zinyalalazo sizioneka kuno.

Abwana akuti vuto lili m'gawo langa, poti makinawo amaimira pamenepo. Akuti Lachisanu tikambirana ngati ndipitirize ntchito kapena ayi. Dzulo ndinailondola nambala yolakwikayo mpaka kumene imachokera, ndipo kabokosi kosasesako ndinakapeza. Sikali m'gawo langa, Amayi, langa limangolandira. Mzere wa pulogalamu umene uli ndi kabokosiko analemba ndi alamu, amuna awo a akulu anga, omwewo amene anandipezera ntchito ino n'kundipatsanso chipinda m'nyumba mwawo.

Kukonza kwake n'kosavuta, kungolembapo ziro basi. Koma kompyuta imasunga dzina la amene analemba mzere uliwonse ndi la amene wausintha, ndipo abwana amaona zonsezo. Alamu anachenjezedwapo kale chaka chatha pa nkhani ina, akuti ikadzachitikanso azidzapita. Ndikakhala chete, wopita ndine. Ndikuchita mantha, ndiponso ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

M'mawa uno ndinatsegula mzerewo pa kompyuta yanga n'kuusiya poonekera. Alamu anabwera ndi tiyi, naima kumbuyo kwanga kanthawi ndithu. Kenako anati, “Mlamu, musade nkhawa. Lachisanu ndikakupepeserani kwa abwana, aliyense amalakwitsa.” Anandigwira paphewa n'kumapita. Kaya anauona mzerewo, kaya sanauone, ine sindikudziwa. Magalasi awo anali atavala.

Munatilera kuti bodza ayi, munatileranso kuti wokuthandiza sumuchititsa manyazi pagulu. Simunatiuze kuti ziwirizi zikakumana titani. Ndikudziwa kuti kalatayi mwina ikupezani Lachisanu litadutsa, komabe mundiyankhe.

Mupereke moni kwa azakhali ndi kwa onse a m'zipinda zanu za lendi. Akulu anga poti ali komweko, muwauze kuti tizovala ta mwana ndagula kale, ndipo asamanyamule zolemera masiku atsalawa. Akafunsa za amuna awo, muwauze kuti ali bwino, akundisamala. Koma kalatayi musawawerengere.

Ndine mwana wanu,
Chitsirizira