Amayi Akuiwala Chichewa

Balaka,
14 Okutobala

Okondedwa achimwene a Elliam,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kwa Ngokweko. Mwendo munadzitema ndi khasu uja unapola? Ife kuno tikudzuka, koma zoti tili bwino sindinganene. Mukandifunsa za amayi pafoni, ndimangoti ali bwino. Ndakhala ndikukunamizani. N'chifukwa chake ndalemba, ndipo ndapatsira a Akimu a lole ya thonje.

Papita miyezi isanu ndi iwiri chiwatengereni amayi kuno. Paja tinkati ndi kuiwala kwa ukalamba chabe, akakhala pafupi ndi chipatala zisintha. Adokotala anandiuza mosabisa kuti ndi matenda a muubongo, mankhwala ochiza palibe, ndipo zizingoipiraipira.

Kudya amadya, koma akangosamba m'manja amauza aliyense wodutsa kuti sindinawapatse kanthu chiyambire dzulo. Kusamba ndiye nkhondo. Sabata yatha anandiluma padzanja ndikuwavula chitenje chimene anadziipitsira. Makina anga osokera ndinawachotsa kumsika, ndikusokera pakhonde kuti diso likhale pa iwo.

Chimene sindinakuuzeni n'chakuti amayi akuiwala Chichewa. Kuyambira Ogasiti abwerera ku Chilomwe chimene ankayankhula ndi makolo awo ali mtsikana. Inu ndi ine tinangotolako moni ndi mayina a ndiwo. Amandiyang'ana m'maso, kundiuza chinthu kawiri, katatu, ine osamva, mpaka amayamba kulira. Sindidziwa ngati penapake pakuwawa, kapena ndi ludzu, kapena akufuna kuchimbudzi.

Lachiwiri lapitali m'mawa ndinalowa kubafa osakhoma geti. Potuluka, amayi palibe. Ndinathamanga wopanda nsapato, kufunsa aliyense. Ndinakawapeza kutsidya kwa njanji, pakhomo pa anthu osawadziwa, atakhala pansi, bulauzi atavula, anthu atawazungulira. Ankati ndi mfiti yagwa palichero. Akawafunsa dzina, iwo n'kuyankha m'Chilomwe, ena n'kumakuwa kuti mwamva, akuyitana anzawo. Bambo wina anali atatola kale chibenthu cha njerwa.

Ndinadzigwetsa pa iwo, kuwafunditsa chitenje changa, ndikukuwa kuti ndi mayi anga, akudwala. Mayi wina anati ngati ndi zoona anene okha. Anawafunsa amayi ngati akundidziwa. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayankha m'Chichewa chomveka bwinobwino: “Iyayi, ameneyu sindimudziwa.”

Achimwene, pakanapanda a Walter, mkulu wa mpingo wathu, amene ankadutsa panjinga n'kutizindikira, bwenzi mutalandira uthenga wina. Anaima pakati, kuwauza anthuwo kuti amayiwa amapemphera nawo Lamulungu lililonse. Komabe mwala wina unawapeza amayi paphewa. Bala ndi laling'ono. Iwo anaiwala tisanafike n'kunyumba komwe, koma ine ndikamva phokoso la anthu panjira ndimathamangira kukakhoma geti.

Eni nyumba atiuza kuti mwezi ukatha tisamuke, ati anzathu apampanda akuopera ana awo. Alamu anu a Blasius sanadandaulepo chiyambire. Ndi iwo amawanyamula amayi akagwa. Koma masiku ano akaweruka amangokhala panja okha, ndipo ndamva kuti abale awo akuwauza zambiri.

Tsopano ndikafuna kupita kumjigo amayi ndimawatsekera kuchipinda. Amamenya chitseko ndi zikhatho mpaka ndibwere. Mayi amene ankatsogolera nyimbo kumpingo kwathu zaka zonse zija, lero ndikuwakhomera ndi loko.

Dzana ndikuwapesa tsitsi, Chichewa chinawabwerera pang'ono. Anandigwira dzanja mwaulemu ngati mlendo, n'kundifunsa ngati ndimamudziwa mwana wawo Lilian wokhala ku Balaka. Anati anawataya, sabwera n'komwe kudzawaona. Ndinawayankha kuti abwera posachedwa. Anandithokoza. Ndinamaliza kuwapesa, ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukalira.

Ndikuuzeninso ichi, poti ndinu nokha ndingakuuzeni. Lamulungu m'tchalitchi ndinapezeka ndikupempha Mulungu kuti awatenge. Sindinachite kukonzekera, mawu anangobwera okha. Mpaka lero ndikulephera kudzikhululukira, komanso ndikulephera kunena kuti sindinkafuna.

Sindikuti mudzawatenge. Zimene zachitika kunozi zingachitikenso kumudziko, ndipo inu ndi alamu mumakhala kumunda tsiku lonse. Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa amayi aang'ono a Lena, mukawapemphe abwere kuno ngakhale milungu iwiri yokha mvula isanagwe. Ndikudziwa kuti iwo ndi amayi sanayankhulane chichitikireni mkangano wa dimba uja. Mukawauze kuti mkulu wawo dimbalo analiiwala, koma dzina la Lena amalitchula masana alionse akuyang'ana kugeti. Pa abale onse, ndi iwo okha atsala amene angamve zimene amayi akunena. Abwere adzandimasulire, ndidziweko pamene pakuwawa, Chilomwecho chisanawathawenso. Akakana musandibisire, mundiuze.

Mundiperekere moni kwa alamu a Emmie, kwa asuweni athu a Esau ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Alamu anu akupereka moni. Za amayi sindikunamizaninso kuti apereka moni. Ndawatchulira dzina lanu m'mawa uno, ndipo anandifunsa kuti ameneyo ndi mwana wa yani.

Tsalani bwino, mutikumbukire m'mapemphero.

Ine mlongo wanu,
Lilian