Mabakiteriya Anga Ali kwa Nomsa

Lolemba, 3 Juni 2024

Sabata yachitatu kuno ku Kasina. Chisanu. Bambo dzanja lamanja ndi lakufabe chigwereni sitiroko, koma phala amwa. Achimwene a Benedicto sanabwerenso. Ndachapa zofunda, zala zang'ambika. Mwezi watha zinali m'magolovesi ku labotale, ku Joni. Mabakiteriya anga ndinasiyira Nomsa, mnzanga wa pasukulu. Nzochititsa manyazi kulemba, koma ndikuwasowa.

Lachisanu, 7 Juni

Bambo afunsa, lilime lolemera: "Kodi kumeneko umatani kwenikweni?" Zaka zitatu sanafunsepo.

Ndawauza. Bakiteriya amadzipangira yekha vitamini. Malangizo ake amayenda pa kaulusi kotchedwa RNA. Vitamini akakwana, amakakamira pa kaulusiko, iko nkupindika, malangizo osawerengekanso. Kupanga kwaima. Akachepa, kaulusi kamamasuka, ntchito nkuyambiranso. Ine ndikufuna mankhwala onamiza kaulusiko, kuti bakiteriya wodwalitsa anthu aziyesa wakhuta, afe ndi njala.

Aseka ndi mbali imodzi ya kamwa. "Mwana wa katekisiti, ntchito kunamiza tizilombo!"

Lachitatu, 12 Juni

Netiweki pachulu pokha, kuseri kwa munda wa mbatatesi. Nomsa watumiza chithunzi. Timbale tiwiri. Kena mabakiteriya akuwala mobiriwira. Kena, komwe anathiramo mankhwala anga, kali bii. Ndiye kuti RNA yapindika. Zatheka!

Ndalira ndili chiimire, amayi ena ochokera kunkhuni akundiyang'ana. Zaka zitatu, koma woyamba kuona si ine. Ndikanangomvako ngakhale fungo lija la m'chipindamo.

Loweruka, 22 Juni

Masiku khumi osalemba. Bambo anagwa kubafa, bondo latupa.

Aprofesa anga alemba: ndibwerere pofika pa 15 Julaye, apo ayi Nomsa amalize, dzina lake patsogolo pa lipoti la kafukufukuyu. Ndaimbira a Benedicto. "Mlongo, kusamala wodwala mumatha ndinu akazi." Ndakweza mawu. Bambo anali pakhonde, amva zonse.

Lachiwiri, 25 Juni

M'mawa ndawapeza akulimbana ndi mabatani a malaya, ndi dzanja lamanzere. Ndati ndithandize, andikankha. Mpaka tiyi kuzizira. Mabatani atatu, limodzi pabowo lolakwika. Thukuta pamphumi, kuzizira konseku.

Kenako: "Waona? Ndikutha. Monika, kagule tikiti."

Ndawakonzera batanilo, iwo ayang'ana kumbali.

Kalata yoyankha aprofesa ndaiyamba kanayi. Pakadali pano pali moni yekha.