Chala cha pa Mzere Wakutsogolo

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili bwino, kungoti mng'ono wanu watchuka, ndipo watchuka moipa. Dzulo ndinalowa m'sitolo ya mankhwala kukagula a mutu oti ndidzamwe pa ulendo. Mtsikana wogulitsa anandiyang'ana, n'kuyang'ana foni yake, n'kundiyang'ananso. Kenaka anatsitsa mawu mwaulemu n'kundiuza kuti agogo akenso dzanja linkawanjenjemera chonchi, koma pali mapiritsi amene anawathandiza. Anandionetsa foniyo. Ndinali ine, achemwali, mphunzitsi wa digiri yake, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri pa ntchito, nditakwera pa mpando wa pulasitiki, nsapato imodzi kulibe, mkono uli m'mwamba, chala chikugwedera ngati ndikukalipira denga. Mapiritsiwo ndinagula. Kugula kunali kosavuta kusiyana ndi kufotokoza.

Mudabwa kuti ndikulemberanji kalata foni ilipo. Pa foni mumandidula pakamwa, chimenecho ndi chifukwa choyamba, ndiye masambawa ndingowajambula ndikutumizireni kuti mukalipe nokha kumeneko. Chachiwiri, Mzime, mlongo wathu phungu uja, ali muno. Wafika nthawi ya naini m'mawa, galimoto lake ndi alonda awiri wasiya panja, ndipo wakhala pa sutikesi yaikulu ija popeza mipando ndinagawa kale. Akuoneka kuti sakufulumira. Dzanja langa lamanja likufunika ntchito ina lero, ndiye ndalipatsa cholembera.

Nkhaniyi mukuidziwa, koma mundilole ndiibwereze, chifukwa inu mukamainena imamveka ngati ndinachita dala. Mzime anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, chibwibwi chitamumanga moti kupempha madzi akumwa inali ntchito. Tsiku lija aphunzitsi ake anamuimiritsa kuti awerenge, anzake akuseka, anabwera kunyumba kabudula atanyowa. Ine ndinali pa tebulo ndikuloweza za mayeso, ndikugogoda ndi chala kuti ndisasokoneze. Anaima pakhomo maso ali pa chalacho, n'kufotokoza zonse za kusukuluko osapunthwa ngakhale kamodzi. Amayi anagwetsa mbale. Inu munangoti ndadziputira, ndidzagogoda mpaka imvi. Imvizo zafika, achemwali. Ndinaziona pa foni ya mtsikana uja.

Simunakhale naye pafupi zaka zonsezi, ndiye mwina mumaganiza kuti anachira. Za mpira, za mvula, za ana ake amalankhula yekha, kungopunthwa apa ndi apo. Koma mawu akakhala ofunika, kapena anthu akachuluka, lilime limakana pokhapokha aone kapena amve chala changa. Tinayesa kachipangizo ka m'khutu kogunda ngati wotchi, tinayesa dokotala wa zolankhula, tinayesa ngakhale chala cha mkazi wake. Mlamu wathuyo amagogoda mothamanga ngati munthu wofuna kuti mkangano uthe. Ine ndimadziwa popumira Mzime iye mwini asanadziwe. Pamene ankafunsira mkazi yemweyo ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikugogoda lata. Kunyumba ya malamulo alonda amandidziwa ngati mayi wosowa zochita amene amakonda mpando umodzi womwewo wa alendo. A dokotala a mano aja, amene munkawakonda kuposa ine, anandidikira zaka zitatu n'kutopa. Akuti sakanatha kukwatira mkazi amene tchuthi chake chimadikira aphungu.

Ndiye pamene munandipezera malo a wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pasukulu yanuyo, n'kunena kuti eni ake sadikira kupitirira Lolemba likubwerali, ndinamukhazika pansi Mzime. Sanakane. Tinapangana kuti msonkhano waukulu wa chipani ukhale womaliza. Akatha pamenepo amalize uphungu wake mwakachetechete, abwerere kojambula mapulani a nyumba, ntchito yosafuna pakamwa. Ndinasiya ntchito, ndinagula tikiti ya Lachisanu, ndinagawa mipando. Sindinali ndi mantha, chifukwa anamupatsa mphindi khumi zokha, chakudya chamasana chitatsala pang'ono, nthawi imene nthumwi zimakhala zikusuzumira kumene kukuchokera fungo.

Mawu ake tinalembera limodzi pa tebulo lomwe lino. Anali abwino ndithu, za zipatala ndi misewu, koma osati oti munthu n'kuiwalira njala. Ine ndinakhala pa mzere wakutsogolo, dzanja lili pa bondo monga mwa masiku onse, ndipo mphindi zisanu ndi imodzi zinayenda bwino. Kenaka kunabwera mayi wina wamkulu wa m'chipani, wamkulu pa udindo ndi pa thupi pomwe, ndi chipewa choti banja lonse n'kuusa mvula pansi pake. Anadzaima patsogolo panga penipeni kuti amujambule. Apo n'kuti Mzime atangonena kuti, "Dziko lino likufuna…"

Mawu otsatira pa pepala anali akuti mankhwala m'zipatala. Sanatuluke. Ndinasuzumira m'mbali mwa mayiyo n'kuona mitsempha ya m'khosi mwa Mzime itatupa, chibwano chitauma, maso akusakasaka. Nkhope imeneyo ndimaidziwa, ndi ya mwana wa kabudula wonyowa uja. Koma pa kanema, achemwali, imaoneka ngati ya munthu wosenza misozi ya dziko lonse. Holo yonse inati zii. Ndinakoka deresi la mayiyo, iye anangondiphumitsa dzanja osacheuka n'komwe. Ndinawerenga mpaka khumi ndi zinayi. Pamenepo bambo wina kumbuyo kwenikweni anakuwa kuti, "Inuyo!" Ena anamulandira, ndipo posakhalitsa anthu zikwi zisanu anali chiimire akubwereza mawu omwewo.

Ndipamene ndinakwera pa mpando, nsapato n'kutsalira pansi. Ndinakweza mkono pamwamba pa chipewa chija n'kuyamba kugogoda mphepo. Anandiona, ndipo zotsalazo zinatsika ngati mvula ya pa malata. Oyandikana nane, poona mkono wanga, anayesa ndi chizindikiro chatsopano cha chipani, nawonso anakweza zala. Pomaliza holo yonse inali zala zokhazokha, ndipo mudziwe kuti anthu zikwi zisanu sagogoda mofanana. Mwana wa amayi anachita kufufuza changa pakati pa zonsezo.

Mtsogoleri wa chipani, mkulu uja wa ndodo, analankhula maola awiri masana ake, koma palibe akukumbuka chimene ananena. Manyuzipepala onse alemba za kukhala chete kwa Mzime. Pulofesa wina pa wailesi wati luso loimitsa mawu chotere saliphunzitsa kusukulu, munthu amabadwa nalo, ndipo pamenepo pokha ndagwirizana naye. Akuluakulu atatu amene ankalimbirana mpando wa mkuluyo ayamba kumwetulirana chifukwa cha mantha. Achinyamata adinda chala pa malaya. Aliyense akuti chisankho cha zaka ziwiri zikubwerazi chapeza mwini wake.

Lolemba kunabwera mkulu woyendetsa za kampeni, amene ine ndimamutcha a Mafoni Atatu, chifukwa amakupatsa moni ndi chigongono, manja onse ali otanganidwa. Iwo chinsinsi sachidziwa. Akuganiza kuti ndine chithumwa cha mwayi. Anati abwana salankhula ine ndikapanda kukhalapo, ndipo iwo safunsa za m'banja la eni. Anandilonjeza ofesi, galimoto, ndi mpando wanga wanga pa mzere wakutsogolo, wotchingidwa ndi chingwe kuti zipewa zisayandikire. Misonkhano ikhala pafupifupi mazana awiri. Ndinafunsa kuti nanga akapambana, iwo n'kuseka kuti ndiye ndidzaona dziko lonse lapansi. Ndinawauza kuti ndidzaona mabondo anga m'maiko osiyanasiyana. Sanamve, foni yachiwiri inali italira. Potuluka anatchula kuti Loweruka lino Mzime akafunsidwa mafunso pa kanema kwa ola lathunthu, dziko lonse likuonera nthawi yomweyo. Ndege yanga ndi ya Lachisanu.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindikanatha kunena pa foni. Nditaima pa mpando paja, ndinakondwa. Anthu zikwi zisanu ankapuma pamene ine ndalola, n'kuomba m'manja pamene ine ndaimika chala. M'kalasi ndatha zaka zonsezi ndikupempha ana makumi asanu kuti akhale chete, osatheka. Musandiseke. Komanso ndikudziwa kuti akanakhala mtsogoleri wabwino, chifukwa munthu amene liwu lililonse amalipeza movutika sataya mawu pa bodza. Ndipo ndikudziwa chimene mafoni a anthu adzamuchite akadzauma pakamwa pa kanema. Ndaona chimene andichita ine chifukwa cha nsapato imodzi. Koma ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, achemwali, ndipo sindinakhalepo m'chipinda chimene ndinalowamo chifukwa cha ine mwini.

Pano nthawi yadutsa thuu koloko ndipo mlendo wanga akadali pa sutikesi. Wamwa makapu atatu a tiyi. Wandiuza za denga lake lodontha, za mayeso a mwana wake wamkazi, za galu wa oyandikana nawo. Wandithandiza kumanga katoni ya mabuku, kenaka waimasula ati chingwe chinapendama, n'kuyamba kuwerenga mabukuwo limodzi limodzi ngati akufuna kugula. Foni yake waivundikira pansi, ikungonjenjemera pa simenti. Alonda ake atumiza kale kawiri kudzafunsa ngati abwana ali bwino, ndipo anzanga a mpanda uno akusesa pabwalo posesedwa kale kuti aone. Ndamufunsa ngati dziko lilibe ntchito lero, iye wati dziko lidikire, lazolowera.

Chimene wabwerera tonse tikuchidziwa. Katatu konse wayamba kuti, "Achemwali, ndi…" n'kuima, maso ali pa dzanja langa. Katatu konse ndaweramira pa pepala. Mukaona zilembo zapendama penapake, ndi pamenepo. Ndikangogogoda kamodzi kokha, andipempha kuti ndisapite, ndipo adzapempha bwino, ndi mawu osalala amene ndinamuphunzitsa ndekha. Ndiye ine ndikulemba, iye akudikira, ndipo cholembera chayamba kutha inki. Sindinaganizepo kuti ndingamane mwana wa amayi chinthu chaching'ono ngati chimenechi. Chala, achemwali. Ena amamana abale awo nyumba.

Wapita tsopano. Ndikupitiriza ndili ndekha.

Itakwana folo anaimirira, n'kukonza sutikesi imene anaiphwanya pakati. Mlendo samperekeza ndi cholembera m'manja, ndiye ndinachisiya pa tebulo. Pakhomo ndinabisa manja onse kumbuyo n'kutsamira chitseko. Yankho langa ndinali nditalikonza kale, lalifupi, laulemu, lokana. Iye anatembenuka pa sitepe n'kuyang'ana pamene pamayenera kukhala dzanja langa, n'kuona kuti palibe. Kenaka anandiyang'ana kumaso n'kuyamba. Mitsempha ija inatupa, thukuta linatsika m'mbali mwa khutu, mlonda mmodzi anayamba kuyandikira koma iye anamuletsa ndi dzanja. Ine ndinaluma mlomo n'kumayang'ana batani la malaya ake. Mwina inali mphindi imodzi, koma ndinakalambiramo. Ndipo mawu anabwera okha, osalala, osapunthwa.

"Muyende bwino, achemwali. Mwagogoda mokwanira."

Anadabwa kuposa ine. Anaseka ngati mwana amene wayendetsa njinga koyamba popanda womugwirira, n'kunena, akupunthwa pang'ono tsopano popeza zinali zopepuka, kuti ndaona, watha yekha, za Loweruka ndisadandaule. Anatsika masitepe awiriawiri. Galimoto linatembenuka, osesa aja anabayibitsa ndi matsache awo.

Fumbi litatha ndipamene ndinamva kaphokoso kumbuyo kwanga. Chinali chala changa, chikugogodabe chitseko. Sindikudziwa kuti chinayamba liti. Chitseko chimenechi ndi cha thabwa lopyapyala, chimalira ngati ng'oma. Ndayesa kuima pa sitepe pamene anaima iye, kutambasula mkono n'kugogoda pang'onopang'ono kuti ndione ngati zimamveka. Nthawi ina zimamveka, nthawi ina ayi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwathokoze chifukwa chopenta chipinda chija. Ana muwauze kuti amayi awo aang'ono awasungira mabuku, katoni yake ndi yomanga kawiri. Kwa eni sukulu musanene kanthu. Lachisanu musavutike kupita ku bwalo la ndege ndisanakuimbireni. Ndamva kuti Lamulungu kuli ndege ina, ndipo munthu akhoza kufika Lolemba m'mawa ali ndi maso ofiira n'kuyamba ntchito. Ndi Loweruka lokha, ola limodzi lokha. Zimene mukufuna kundiyankhazo zisungeni, munandiuza kale ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Makatani a m'chipindamo musapachike kaye, ndikufuna ndidzasankhe ndekha.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Wa nsapato imodzi