Dzina la Lusia Munapita Nalo

Ana Abiti Wadi, wa ku Chiponde, Mangochi

Amayi, mwezi uno zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Dzinja lililonse abambo amapita ndi khasu kukapalira pamanda panu. Chithunzi chili pamwambachi n'chokhacho chimene tili nacho. Munajambulitsa ku boma, ku Mangochi, tsiku lomwe munapita kukazulitsa dzino, n'chifukwa chake mwatseka pakamwa ngati munthu waukali. Amene sanakudziweni asanamizike. Kuseka kwanu kunkachokera kuseri kwa msika wa Chiponde, kumene tinamanga kanyumba kathu titathawa nkhondo, n'kukamveka mpaka kwa a kasitomu pachipata cha m'malire.

Nkhuku munkazikalipira m'Chipwitikizi, ife ana anu m'Chiyao, koma Mulungu munkamudandaulira m'Chichewa, mumvekere poti tili m'dziko la eni, pemphero nalo lidzere m'chinenero cha eni. Munali mphunzitsi ku Mandimba nkhondo isanatibalalitse, ndipo ngakhale pamzere wolandira ufa ndi nandolo munkaima ngati muli kutsogolo kwa kalasi, kuwongola anthu akuluakulu ndi chala. Matumba a ufawo akatha munkawachapa n'kutisokera zovala. Simioni akadakumbukira kabudula wake wa malembo kumbuyo, ndi mmene munkamutsinira khutu akamakana kuvala. Abambo munkawaseka kuti amavina ngati akuponda dothi la njerwa, iwo n'kumangomwetulira, poti ankadziwa kuti n'zoona. Dorika akadasunga malangizo anu aja akuti munthu asalire ali chiimire: akhale pansi, alire mpaka akhute, akatha asukusule apite kukatunga madzi. Takhala pansi, amayi. Kusukusulako ndiye kwatikanika.

Tikulemba zambiri kuposa mmene anthu amalembera pa chikumbutso. Mutikhululukire. Nkhani ndi ya Lusia, ndipo palibe wina amene tingamuuze.

Mukumukumbukira gule wanu uja. Munamutenga m'nthano imene asisitere anakuphunzitsani muli mtsikana ku mishoni, ya mulungu wamkazi wa Agiriki akale, mwini wa mbewu zonse zam'munda. Mwana wake wamkazi anapita kukathyola maluwa, nthaka n'kung'ambika, mfumu ya akufa n'kumukokera pansi. Mayiyo anayendayenda dziko lonse ndi muuni m'manja, osadya, osasamba, minda n'kuuma, mpaka mwanayo anabwezedwa. Dzina la mayiyo linkatipinda lilime, ndiye amayi a pamsasa wa othawa nkhondo anangomutcha Amake Mapira. Tsiku loyamba kufotokoza, mng'ono wanu, amayi aang'ono a Ajira, anafunsa kuti, "Agiriki ake ati, omwe amalima fodya ku Namwerawa? Nawonso amataya ana?" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Inu munati, "Amataya, mphwanga. Palibe mtundu umene nthaka sinaulande mwana." Kuseka kunathera pomwepo.

A katekisiti ndi a shehe, anthu amene sankagwirizana pa chilichonse, anagwirizana kuti zimenezi n'zachikunja. Munawayankha mutagwada kuti simukupembedza chilichonse chachilendo, mukungobwereka nthano monga mmene munthu amabwerekera lichero kwa mnansi wake. Anakusiyani, ndipo pambuyo pake akazi awo omwe anayamba kubwera.

Munkati aliyense wa ife, ngakhale wa imvi, ali ndi kamwana m'chifuwa muno, kamene kanabisala tsiku lina zinthu zitaopsa, ndipo palibe amene anapita kukakauza kuti tuluka, zatha. Jekeseni safika kumeneko. Ndiye Loweruka masana, amayi akamaliza zapakhomo, munkawasonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango wa kuchigayo. Mmodzi ankagona pansi, anzake n'kumufunditsa mphasa. Inu munkavina ngati Amake Mapira, mutanyamula mtolo wa udzu wosayatsa poti kunali dzuwa, mukusuzumira kumbuyo kwa aliyense, mukuponda nthaka ndi chidendene ngati mukugogoda pachitseko. Pamapeto munkagwada, kukweza m'mphepete mwa mphasa, n'kumuitana wogonayo ndi dzina lake la paubwana.

Apa ndi pamene panali povuta. Kwathu dzina la paubwana limatsala ku nsondo, kuchinamwali cha atsikana. Mtsikana akavinidwa amalandira lina, ndipo kumuitana ndi lakale lija n'chipongwe chachikulu, ngati kumuvula pagulu. Choncho aliyense ankakunong'onezani dzinalo inu nokha, pambali. Ikafika nthawi yoti mulitchule, tonse tinkaomba m'manja mwamphamvu, a Ajira n'kumenya chigubu ndi mphamvu zawo zonse, kuti khutu la wina lisatole. Unali ulemu. Tinaona amayi akuluakulu, oti anaika ana awo m'manda osagwetsa msozi, akutuluka pansi pa mphasa akulira ngati makanda, kenako n'kuvina mpaka fumbi kukwera.

Lusia munamupeza pachipata chaka chachiwiri tili kuno, atakhala pansi pafupi ndi ogulitsa chinangwa, kamtsikana kongosinkhuka kumene, mapazi atatupa, kopanda m'bale. Anthu amene anawoloka naye anati anamutola panjira, atathawa kwa amuna a mfuti amene anamusunga kutchire. Sankalankhula. Munabwera naye kunyumba, munamusambitsa, munamupatsa dzina loti Lusia, chifukwa munthu sangakhale pakhomo akungoitanidwa kuti iwe. Anakhala nafe ngati mthunzi. Ankasinja, ankatunga madzi, koma tayala likaphulika pamsewu tinkakamupeza pansi pa nkhokwe ya eni mudzi, atagwira makutu. Loweruka ankaima patali, kuseri kwa chigayo, n'kumayang'ana mapazi a ovina.

Zimene zinkachitika mumtima mwake anadzamuuza Dorika pambuyo pake, pang'onopang'ono, akutsuka mbale. Akuti poyamba ankaona ngati amayi aja apenga. Munthu wamkulu angagone dala pansi n'kudzifunditsa? Iye anagonapo chotero m'munda wa mapira tsiku limene mudzi wawo unapsa. Amake anamukankhira pansi, n'kumuwunjikira mapesi, n'kumuuza kuti asadzuke mpaka amve mawu awo. Anadikira, nyerere zikumuyenda m'khosi, amake osabwera. Amene anabwera anali ena. Koma pansi pa mango paja ankaona chinthu chimodzi chimene chinkamusowetsa mtendere: aliyense wogona pansi pa mphasa, munthu ankabwera kudzamutenga. Loweruka lililonse ankadziuza kuti lero atopa, lero aiwala, lero wina amuitana kunyumba. Koma inu munkafika, n'kugwada. Ndiye tsiku lina mukuchokera kudambo anakukokani chitenje, mutawerama anakunong'onezani. Anali mawu ake oyamba m'dziko lino, ndipo linali dzina limene amake ankamuitana nalo.

Iye anali asanavinidwe, dzinalo silinali lobisa ayi. Koma ife tinali titazolowera. Atagona pansi pa mphasa Loweruka lotsatira, inu mutagwada, tinaomba m'manja monga mwa masiku onse, mwinanso koposa chifukwa cha chimwemwe. Anatuluka, amayi. Anavina mopepesuka ngati mwana wa mbuzi wongobadwa kumene, akugwa, akudzuka, akuseka. Kuyambira pamenepo anayamba kulankhula. Anayamba kulimbirana chimanga chokazinga ndi Simioni, n'kumamutcha Chimutu. Ankakhala pafumbi kusewera phada ndi tiana ta zaka zisanu, anthu akamanena kuti wakula ameneyu, inu munkati musiyeni, akutolera masewera amene anamulanda. Zakale zikamubwerera ankangoti, "Amayi, Loweruka ndigona ndine." Inu n'kuti, "Ugone, ndikubwera." Tsiku lina anakufunsani kuti Amake Mapira aja akanafa, mwanayo akanamutulutsa ndani. Munaseka, munati mayi ameneyo sankafa, ndipo inunso simukupita kulikonse. Munalankhula monga amalankhulira mayi aliyense.

Pakhomo munkamuitanabe Lusia, chifukwa anakupemphani kuti linalo mulisunge, lisamathere potumana mchere ndi moto. Miyezi yonse ija ife tinkaomba m'manja. Palibe amene anaganiza zofunsa.

Matenda a kolera anabwera ndi mvula ya 1990. Munadwala m'mawa, dzuwa lisanapendeke anali atakutengerani kutenti ya odwala, kumene wachibale sankaloledwa kulowa. Tinaima kunja kwa chingwe. Abambo akuti anakuonani mukukweza dzanja ngati mukukodola munthu, koma sanadziwe kuti mukukodola ndani. Tsiku lotsatira anatipatsa thupi lanu atalikulunga kale. Sitinaloledwe ngakhale kukusambitsani.

Lusia sanalire pamaliro. Mawu ake anangoyamba kuchepa ngati madzi a pachitsime m'chilimwe. Chaka chitatha a Ajira anati tiyese. Anamweta mtolo wa udzu, tinasonkhana pansi pa mango paja, Lusia anagona yekha osauzidwa, tinamufunditsa. A Ajira anavina bwino ndithu, mapondedwe ake anu omwe. Atagwada n'kukweza mphasa, ndi pamene anatembenuka kutiyang'ana, kukamwa kuli yasa, poti dzina lija sankalidziwa. Ife manja anali kale m'mwamba. Anayesa kuti Lusia, mphasa sinagwedezeke. Anayesa Alima, anayesa Abiba, anayesa mayina onse a atsikana a kwathu amene anawakumbukira, mokweza, mwambo atauiwala, ife osaombanso m'manja. Amayi ena anayamba kuponyamo mayina awoawo a paubwana, amene anawabisa moyo wawo wonse, poganiza kuti mwina angafanane. Palibe. Anagona pomwepo mpaka mthunzi wa mtengo unasuntha, dzuwa n'kumamuwotcha ndi mphasa yomwe. Abambo ndi Simioni anachita kudzamunyamula.

Tinamufunsa, amayi, musaganize kuti sitinamufunse. Dorika anamugwira manja onse awiri n'kumupempha kuti anene. Milomo inayenda, mawu osatuluka. Patapita masiku anati, "Ndinawapatsa amayi kuti asunge. Akamaitana ndinkalidziwa. Pandekha ndikalifuna sindikulipeza." Tinapita naye kuchipatala, tinabwerako ndi mapiritsi ogonetsa. A shehe anamuchitira dua, a katekisiti anamupempherera, onse ndi mtima wabwino. Lero ndi namwali wamkulu, wamtali kuposa Dorika. Amasinja, amatunga madzi. Phada anasiya. Gule uja anatha, palibe amene anafunanso kugona pansi pa mphasa ataona zimene zija.

Tsono nkhondo yatha, amayi. Mtendere umene munkaunena uja wafika inu mulibe. Malole akunyamula anthu kubwerera kwawo, msasa ukuphwasuka, pamene panali nyumba za anzathu pamera bonongwe. Aliyense wowoloka timamutuma kuti akafunse m'midzi ngati kuli banja limene linataya mtsikana. Amatifunsa kuti dzina lake ndani. Tikati Lusia amangotiyang'ana. Lusia anabadwira pa Chiponde pano, tsidya lija kulibe amene anamumvapo. Mudzi wa kwawo sautchula, mtsinje wa kwawo sautchula. Mayi wina amene anafikira ku Katuli, yemwenso anataya mwana wamkazi, anayenda wapansi mtunda wonsewo kudzamuona. Anamutembenuza nkhope uku ndi uku, anamuyang'ana m'manja ndi kuseri kwa makutu, anaitana dzina la mwana wake motsitsa mawu, kenako mokweza. Atatero anakhala pansi pakhonde pathu n'kulira. Lusia anamutungira madzi akumwa. Mwina kwinakwake amake ali moyo, akuyenda mudzi ndi mudzi, akuitana dzina limene lagona nanu m'manda.

Abambo akalamba msanga. Akufuna akaone ngati munda wa ku Mandimba ukadalipo maso asanawathere, ndipo Simioni apita nawo mwezi wamawa. Lusia tamuuza kuti tikwere tonse, wakana ndi mutu. Akatha ntchito amapita kumanda kwanu, amakhala cha kumutu n'kupendeketsa khutu, mpaka wina akamutenge. Sitingamukokere m'lole, anamukoka kale ena. Sitingamusiyenso yekha. Ndiye tagawikana. Dorika, amene womufunsira anawoloka kale ndipo wanena kuti sadikira dzinja lina, atsala naye pamodzi ndi a Ajira. Banja limene munaliwolotsa lathunthu pakati pa mfuti likupatukana m'nthawi ya mtendere.

Sitikukudandaulani. Munasunga chimene anakusungitsani, ndipo munachisunga bwino. Koma ife tafika pamapeto pa nzeru zathu, ndipo mwanayu akutithera m'manja tikuona. Ngati kumene muliko kuli njira, bwerani kumaloto kwa mmodzi wa ife, aliyense, ngakhale kwa Simioni amene amagona ngati mwala. Mudzangolitchula kamodzi, momveka.

Okulirani ndife amuna anu a Joaquim, ana anu Simioni ndi Dorika, mng'ono wanu Ajira, ndi mwana wanu uja amene dzina lake mukulidziwa inu nokha.

Tsidya lino kapena tsidya lija, amayi, sitidzakuiwalani.