Chithunzi cha Komiti Chatseka Njira

Lolemba, 10 Juni 2002

Mwera kuyambira m'mawa. Mitambo tsiku lonse, sola sinagwire kanthu, batire lili theka.

Dzulo pamsonkhano wathu wa pa wailesi a Oswald, apampando a bungwe la okonda mawailesi, analankhula mpaka makutu kuwawa. Nkhani yake yomwe ija. Kompyuta ya ku Blantyre, imene imatenga maimelo athu pa Intaneti n'kutiponyera pa wailesi, akuti yakalamba. Foni yake ikudya ndalama. Pakufunika makina achangu, membala aliyense apereke K1,500. Kenako anati bokosi la maimelo likudzaza chifukwa cha "timakalata ta kumudzi ta ku Likoma." Ndiye kuti ine. Iwo ali ndi foni pabalaza, wailesi kwa iwo n'choseweretsa cha Lamlungu akachoka kutchalitchi. Kuno foni inafa ndi mphezi ya mu Febuluwale. Kanyumba kanga ka wailesi ndiko kakulumikiza chilumba ndi ana ake a ku Joni ndi ku Zimbabwe.

Sofiya akuti mkazi wanga wamkulu ndi waya wa pamlongoti, iye ndi wachiwiri. Sindinatsutse.

Masana kunabwera Dorica, mkazi wa msuweni wanga Davis. Wapansi kuchokera ku Mbungo. Davis wadwala kwambiri ku Bulawayo kumene amagwira ukalipentala, mng'ono wake Morgan akubwera naye kumudzi pa basi. Imelo yomaliza ya Morgan inati Dorica asachoke pachilumba mpaka amuuze afika pati. Chatsopano palibe. Anandisiyira usipa wouma m'kambale. Ndinakana, anausiya basi.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndalumikiza madzulo. M'bokosi langa muli mauthenga awiri. Woyamba wa a Oswald, mutu wake "Mutu Umodzi Susenza Denga," waukulu ngati thumba la chimanga. Amatamo chithunzi. Wachiwiri wa Morgan, kakang'ono, mutu wake "Za achimwene."

Ndikuuona. Kuutenga ayi. Makina athuwa amatulutsa makalata motsatana ngati mbuzi pakhomo la khola, yaikulu ikatsamira pakhomo zonse zidikire. Ndipo ukaduka pakati uyambirenso pachiyambi. Tinagwirizana tonse chaka chatha, ine ndilipo, kuti pa wailesi palibe kutumiza zithunzi. Amene anabweretsa lamulolo ndi a Oswald omwewo.

Pempho lopempha ndalama zokulitsira njira ndilo latseka njirayo. Ndinaseka ndekha, kenako kuseka kunatha.

Batire linagwa ndisanafike n'komwe pakati.

Lachitatu, 12 Juni

Ndayesa kawiri konse. Kuduka konseko. Ndinatsegula kachidutswa ka chithunzi kamene kanafika: malata a denga la galaja ndi zipumi za anthu. Chipumi chowala chapakati ndachidziwa.

Dorica anabweranso. Ndamuuza zoona, kuti kalata ilipo koma yatsekeredwa. Anayang'ana kompyuta nthawi yaitali. "Simungaipendeke pang'ono, mlamu, kuti yaing'onoyo idutse?" Sindinamuseke. Nzeru yakeyo iposa ya komiti yonse.

Wagulitsa ufa wake wa chinangwa ndi nkhuku. Ndalama yokwana ulendo umodzi wokha wa pa sitima, yotsalayo ya wodwala. Akakwera Loweruka n'kupeza kuti anthuwo akadali ku Lilongwe, kapena sanachoke n'komwe ku Bulawayo, agona kuti, abwerera ndi chiyani? Ndinaganiza zopempha a kuchipatala kuti afunse pa wailesi yawo. Afunse kuti? Sitikudziwa ali chigawo chiti.

Za K1,500. Ndatsegula kabati ya makhadi. Azungu ndikalankhula nawo pa wailesi amanditumizira khadi lotsimikiza, m'katimo dola imodzi ya sitampa kuti ndiwabwezere langa. Ndasolola madolawo, ndikasinthe kwa wamalonda wa ku Cobue, kutsidya ku Mozambique. Azunguwo adikira makhadi awo mpaka imvi. Zandinyansa, koma mwina ndalama ikamveka kulira a Oswald amva.

Lachinayi, 13 Juni

Ndawapeza a Oswald pa wailesi m'mawa, akucheza ndi mnzawo wa ku Zomba za mlongoti watsopano. Ndinadikira amalize, monga mwa ulemu wa pa wailesi. Ndinapempha chinthu chimodzi, achotse chithunzi m'bokosi. Akuti sizingatheke, kalatayo inapita kwa mamembala onse pamodzi, kuichotsa kwa ine n'kuichotsa kwa onse. "Mamembala ayenera kuona chimene akulipirira, a Augustine."

Ndinati chabwino, tsegulani ya Morgan mundiwerengere pompano, mizere ingapo chabe, pali munthu wodwala. Akuti malamulo a bungwe salola kutsegula kalata ya mwini, ndiponso nkhani za anthu osakhala mamembala siziwerengedwa pamphepo. Lamulo ili alikumbukira bwino. La zithunzi laiwalika.

Ndinanena kuti ndalama yanga yakonzeka, ikwera sitima. Anayamikira. Anati izi zonse zikungoonetsa kufunika kwa makina achangu, ndipo adzazitchula pamsonkhano ngati chitsanzo. Davis wasanduka chitsanzo. Kenako anatsanzika, akupita ku Mangochi kuphwando lopezera ndalama za bungwe, kiyi wa galaja losungiramo kompyuta m'thumba, abwera Lamlungu.

Phwando la mbuzi yowotcha. Wamkachisi amadya za m'kachisi.

Chakudya chamasana sindinachikhudze. Sofiya sanafunse.

Lachisanu, 14 Juni

Ndabwereka batire la galimoto kwa wa ku Cobue uja, la wailesi yake ya kaseti. Ndalikankha pa wilibala kuchokera kumsika, msana ukulira. Mabatire awiri. Lero chithunzi chinayenda, chinayenda, mtima m'mwamba. Chinadutsa theka. Kenako phokoso la mphepo, mawu a ku Blantyre anazilala, n'kuduka.

Chithunzi chafika pa matayi. Anavala matayi kukajambulitsa m'galaja.

Ndinayesanso mpaka mabatire onse kufooka. Dorica anakhala pakhonde ndi Sofiya, akusenda mtedza. Pochoka anangoti mawa akandipeza kudoko.

Zaka zonsezi ndalipira chopereka cha bungweli osaphonya. Ndinaphunzira wailesi ku Joni kwa anthu amene ankati wailesi ndi ya tsiku la tsoka. Awa ndi anthu a mabaji ndi maminitsi.

Loweruka, 15 Juni

Sitima yopita kumpoto. Mafunde, maboti onyamula anthu akuvina, matumba a usipa, ana kulira. Dorica anafika ndi chikwama ndi kamtolo ka ufa, nsalu yatsopano. Anaima kuyang'ana aliyense wotsika, mwina Davis ndi Morgan adzera ku Nkhotakota. Palibe.

Boti lomaliza likudzaza. Anandifunsa, "Inu mukuti bwanji, mlamu? Ndikwere?"

Ndinati Morgan ananena kuti musachoke. Ndinati ikanakhala nkhani yoopsa akanalemba pamutu pomwe. Ndinati dzuwa likawala mawa kalata ituluka, sitima ibweranso Lachiwiri, si kutali. Ndinalankhula ngati munthu wodziwa zinthu.

Anamvera. Anasenza chikwama kubwerera ku Mbungo.

Envulopu ya K1,500 ndinaipereka kwa mphunzitsi wopita ku Nkhata Bay kuti akaiponye. Iyo yakwera.

Lamlungu, 16 Juni

Mabatire afa onse. Msonkhano wa pa wailesi sindinaumve ndipo sindinausowe.

Lolemba, 17 Juni

Mwera waleka. Dzuwa kuyambira m'mawa. Masana chithunzi chinatuluka chonse.

Amuna a komiti atazungulira tebulo lopanda kanthu. Patebulo pepala lolembedwa kuti makina atsopano adzakhala pamenepa. Onse akumwetulira. Ndi chimenechi. Sabata yathunthu.

Ya Morgan inatsatira ngati kuphethira. Yolembedwa Lachiwiri lapitalo. Afika ku Mzuzu, Davis wagonekedwa m'chipatala, sangapitirize ulendo. Akungotchula Dorica. Akwere sitima ya Loweruka osalephera, Morgan akamudikira ku Nkhata Bay Lamlungu m'mawa.

Pambuyo pake panali ina, ya lero. Davis watisiya dzulo dzuwa litalowa. Morgan akwera ndi maliro sitima ya lero, afika mawa.

Dorica akanakwera Loweruka, Lamlungu masana akanakhala pambali pa bedi.

Ndinakopera mauthenga onse awiri, uliwonse papepala lake. Njira ya ku Mbungo sinanditalikirepo chonchi. Ndinampeza Dorica akuyanika chinangwa pathandala. Ataona nkhope yanga anakhala pansi. Ndinamuwerengera wachiwiri wokha. Woyamba unakhala m'thumba. Ndinadziuza kuti si lero, maliro adutse kaye.

Akazi anayamba kusonkhana. Pakati pa kulira Dorica anandigwira dzanja, akuti zikomo mlamu, mwavutika nane sabata yonse.

Ndafika kunyumba ndapeza imelo inanso ya a Oswald kwa mamembala onse. Phwando linayenda bwino. Zithunzi zitsatira.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndinapita kudoko molawirira kuti Morgan ndimupeze ndine woyamba, ndimufotokozere. Sizinatheke. Anthu a ku Mbungo anadzaza mchenga wonse, amayi a mpingo ndi nyimbo, ine kumbuyo.

Bokosi la maliro linatsika ndi boti loyamba. Morgan pambali pake, wowonda, maso ofiira, malaya omwe anachoka nawo ku Bulawayo. Dorica anapita kukagwada pamaso pake monga mwa mwambo. Morgan sanampatse dzanja. Analankhula osakweza mawu, koma nyimbo inali italeka, aliyense anamva.

"Ndinaima pa Nkhata Bay mpaka munthu womaliza kutsika. Achimwene anakuitanani mpaka mawu kutha, alamu. Kalata munailandira, munali ndi chiyani chofunika kuno?"

Dorica anadzuka pang'onopang'ono, n'kutembenuka, kuyamba kundifunafuna m'gulu la anthu.

Pepala lija linali m'thumba la malaya. Ndinakweza dzanja kuti andione.